Zilembo Zing'onozing'ono za M'chipinda cha Shuga

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro inali yokhala kumbuyo kwa munthu n'kumamuonerera akuvutika. Nditawafotokozera amayi anga, anafunsa ngati kumeneko amalipiradi, poti m'Nkolokosa mwathu ochita zimenezi anali ambiri ndipo sanalembedwe ntchito ndi wina aliyense.

Nkhani yake inali yotere. Zipatala zina zing'onozing'ono za m'tauni muno zinali zitalandira makompyuta osungira mbiri ya odwala, a sikirini yongodina ndi chala. Wodwala akalowa, namwino ankadina dzina, kulemera kwake, BP ndi mankhwala, kenako kamakina ka pambali kankalavula sitika yomata m'kabuku ka kuchipatala. Makaundula a mapepala anali adakalipo, koma zinali zitamveka kale kuti chaka chikamatha achotsedwa. Asanawachotse, okonza pulogalamuyo anafuna kudziwa pamene ikuvuta, kuti apakonze. Ife anatilemba kuti tikapeze malo ovutawo.

Zida zake sizinali zambiri. Panali wotchi yoyambitsa ndi kuimitsa, karekoda ka mawu, ndi pulogalamu ina yojambula paliponse pamene chala chakhudza. Panali makhadi a odwala ongopeka: agogo akuti, a zaka zakuti, BP yakwera motere, apatseni mankhwala akuti. Namwino ankawerenga khadi n'kulowetsa zonsezo m'makina, uku akulankhula chilichonse chobwera m'mutu mwake. Zimenezi tinkati kuganiza mokweza. Pomaliza tinkamupatsa pepala la mafunso loti achonge ngati akuvomereza kapena akukana kuti makinawo ndi osavuta.

Abwana athu a kafukufuku, bambo odekha olankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, anatipatsa malamulo awiri. Loyamba, tisanayambe tizinena kuti sitikuyesa munthu, tikuyesa makina. Lachiwiri, munthu akasochera tisamuthandize, ngakhale batani lake tikuliona. Ankati pamene munthu wakakamira ndi pamene pali chuma chathu. Lamulo lachiwirili silinandivute ine, chifukwa mtima wanga sunali wofewa kwenikweni ngakhale ndili mwana.

Ananditumiza kuchipatala china cha kumapeto kwa tauni, kumene nyumba zimayamba kusakanikirana ndi minda ya chimanga. Ndinkakwera minibasi yopita ku Limbe, n'kusintha ya ku Machinjiri, kenako wapansi. A inchaji a pamalopo anandilandira ngati ndabwera kudzafunsira mbeta. Anandipatsa mpando wa khushoni, wokhawo umene sunkagwedera, n'kutuma munthu kukagula zoziziritsa kukhosi. Ndinawauza kuti ndabwera kudzaona zovuta. Anati zoona, zoona, ndipo tsiku lomwelo anandibweretsera namwino wachitsikana, wa msinkhu wanga, amene zala zake zinkathamanga pa sikirini ngati akusankha nyemba.

Masiku otsatira anabwera ena, onse achinyamata, onse akatswiri a foni. Pa pepala la mafunso ankachonga kuvomereza kokhakokha. Wina anavomereza kuti makinawo ndi osavuta, n'kuvomerezanso mzere wotsatira woti ndi ovuta kwambiri, ndipo atazindikira anapempha pepala lina. Nditamufunsa ngati palibe chomutopetsa, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti wopempha sakulitsa chitete, makinawo anachita kupatsidwa.

Kumapeto kwa khonde kunali chipinda cha odwala shuga ndi BP. M'menemo munkagwira ntchito namwino wina, asisita achikulire, aatali, a imvi za m'mbali, amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Chipindacho chinali chawo kuyambira kalekale. Odwala awo ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo kuchokera pakhonde unkamva asisitawo akuwakalipira za mchere ndi tiyi wa shuga wambiri, odwalawo n'kumaseka. Pakamwa pawo panali pakuthwa, ndipo anzawo a pantchito ankawaopa n'kumawakondanso.

Tsiku lina ndikudutsa pakhomo pawo ndinawaona ataweramira sikirini, magalasi atawakwezera pamphumi, mphuno ili pafupi kukhudza galasi. Anakhala choncho kanthawi, kenako anausa moyo n'kukoka kaundula. Madzulo ake ndinatsegula tsamba la mankhwala pa makina athu oyeserera. Mayina a mankhwala ndi milingo yake zinali m'zilembo zing'onozing'ono zotuwa, mizere yothinana ngati mpiru wa panazale. Ine wa maso abwino ndinkachita kutsinzinira kuti ndisiyanitse piritsi limodzi ndi theka.

Namwino wachitsikana uja tinali titayamba kudyera limodzi chipisi pa lanchi, ndiye ndinamufunsa. Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. Anati asisita amalemba zonse m'kaundula, iye n'kudzazilowetsa m'makina odwala akatha. Masamba enawo asisita amawatha, koma la mankhwala amaliopa, chifukwa munthu wa shuga ukamulakwitsira mlingo wamupha.

“Nanga makaundula akachotsedwa?” ndinafunsa.

“Ndiye vuto lili pamenepo. A inchaji ananena kale pa mitingi kuti amene satha makina apita kusikelo ya ana, panja paja. Kumene kuja kulibe kompyuta.”

Ndisaname, ndinasangalala. Munthu amene kafukufuku wathu ankafuna anali ameneyu. Asisitawo akanangokhala pa mpando wathu n'kukakamira pa tsamba la mankhwala, rekoda ikumva, pulogalamu ikujambula, okonza aja akanakulitsa zilembo makaundula asanachoke. Kukulitsa zilembo si ntchito yosenza nayo simenti. Ndipo zilembo zikanakula, chipinda chija chikanakhalabe chawo mpaka tsiku lopuma.

Ndinapempha a inchaji kuti andipatse asisitawo. Anavomera mwaulemu wonse. Tsiku lake litafika, asisita anali atatumidwa kukagwira ntchito kumidzi ya kumtunda. Tinapangana lina, anali kumsonkhano. Lina, anali atapita kukapepesa maliro m'malo mwa chipatala chonse. Kachitatuko ndinapsa mtima ndithu, ndinawafunsa a inchaji ngati pachipatalapo pali munthu mmodzi yekha wodziwa kupepesa.

“Achemwali, asisita aja ndi aakulu,” anatero akusisita m'manja. “Musawavutitse. Achinyamata alipo ambiri, tikupatsani.”

“Koma ine ndikufuna amene akuvutikawo.”

“Zoona, zoona.”

Nditaona kuti zoona zawozo sizindifikitsa kulikonse, ndinapita ndekha. Ndinawapeza asisita m'chipinda mwawo akumwa tiyi wopanda shuga ndi mbatata. Ndinagwada pang'ono pakhomo n'kupereka moni. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi.

“Ndiye inu ndi a mayeso aja?”

“Si mayeso, asisita. Tikuyesa makinawa, osati inu.”

“Wotchi ija mumayezera makina?”

“Timayezera nthawi imene ntchito yatenga.”

“Imene ine ndatenga.”

Ndinafotokoza zonse mmene anatiphunzitsira. Ndinati pamene iwo avutike ndi pamene akakonze, ndipo akapanda kuvutika aliyense, okonzawo aziganiza kuti zonse zili bwino. Ndinatchula ngakhale tsamba la mankhwala. Nkhope yawo inauma pomwepo.

“Wakuuzani ndani kuti limandivuta?”

“Palibe. Ine ndemwe limandivuta.”

“Ndiye kadzijambuleni nokha. Mwana wanga, ukufuna ndikhale apo ndikupapasa ngati nkhuku yakhungu, rekoda ikumva, kenako mukamvetsere ku ofesi ndi anzako?”

“Dzina lanu sililembedwa paliponse.”

“Pachipatala pano nkhalamba zilipo zingati?”

Anasenda mbatata ina pang'onopang'ono, n'kundipatsa theka. Kenako anati popeza ndine mwana wa munthu ndipo ndatumidwa, sakufuna ndikakalipiridwe chifukwa cha iwo. Ndiwapatse sabata imodzi, ndipo sabata yotsatira adzabwera okha. Ndinatuluka ndikudziona wochenjera.

Anabweradi. Yunifolomu inali yosita mpaka mizere kuoneka, nsapato zoyera zopaka kumene. Pakhonde panali anthu ambiri kuposa masiku onse: wa kufamase, azimayi okolopa, namwino mnzanga uja, onse ali ndi kantchito kochita pafupi ndi chitseko chathu. Ndinatseka chitseko, ndinanena mawu athu aja oti sitikuyesa munthu, iwo anangoti tiyeni nazo. Ndinayatsa rekoda n'kuwapatsa khadi loyamba.

Analiyang'ana pang'ono chabe n'kuliika pansi. “Tsopano ndikufuna kulembetsa wodwala, ndiye ndidina apa,” anatero mokweza, mawu ali gwa. “Tsopano ndikufuna kuika BP, ndiye ndidina apa. Tsambali ndi lomveka bwino.” Chala chinkapita molunjika, osazengereza. Tinafika pa tsamba la mankhwala. Ndinagwira wotchi mwamphamvu kudikira kuti aweramire. Sanawerame. Anakhala chiwongokere, chala chinatsika mizere ingapo n'kudina pamalo ake enieni. “Mankhwala ndawapeza mosavuta,” anatero.

Khadi lachiwiri chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinayamba kumva kuti mawu amenewa ndinawamvapo. Anali mawu a namwino mnzanga uja, a tsiku loyamba lija, mpaka ndi pamene ankapumira. Asisita sankaganiza mokweza. Ankalakatula, ngati mwana wa Sande sukulu amene waloweza vesi.

Pa khadi lachitatu netiweki inachedwa, tsamba la mankhwala silinatseguke msanga. Sikirini inangoti mbee. Chala cha asisita chinatsikabe n'kudina pamalo opanda kanthu, ndipo anati, “Mankhwala ndawapeza mosavuta.” Tsamba litatseguka anazindikira kuti china chake sichinayende, anadinanso pomwepo, ndipo zinatheka. Sanandiyang'ane, inenso sindinalankhule, poti lamulo linali loti ndisalankhule. Anamaliza makhadi onse osalakwitsa, ndipo nthawi yawo inaposa ya achinyamata ena. Pa pepala la mafunso anachonga kuti makinawo ndi osavuta, akhoza kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse, safuna wowathandiza. Atatsegula chitseko anakweza dzanja m'mwamba, ndipo mayi wina wokolopa anaimba nthungululu mpaka odwala pamabenchi anatembenuka.

Mnzanga uja ndinamukokera kuseri kwa thanki ya madzi.

“Iwe, mwachita chiyani?”

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati makhadi athu anali omwewo kwa aliyense, ndiye amene analowa kale anakhala pansi n'kukumbutsana zimene zinalembedwapo, mpaka likasa linakwana. Sabata yonseyo pa lanchi ankatsekera asisita m'chipinda n'kumawaphunzitsa. Poti zilembo sankaziona, analoweza malo: khadi lakuti, mzere wakuti kuchokera pamwamba. Ngakhale a inchaji ankabwera kudzagwira wotchi ya pafoni.

“Ndipo ndi ogwira mutu amayi aja, wamva? Masiku awiri okha anali ataloweza zonse.”

Ndinakwiya kwambiri. Ndinamuuza kuti awononga chinthu chokhacho chimene chikanawathandiza asisitawo. Wodwala weniweni sabwera ndi mzere wake woloweza. Tsopano makina athu ajambula kuti ngakhale wamkulu pa onse sanavutike, ndiye ndani akakulitse zilembo zimene sizinavute munthu?

Kuseka kunatha. “Iwe ndi mlendo,” anatero. “Mlendo ndi mame, mawa sitikuonanso. Amayi aja anandiphunzitsa kubaya jekiseni ndikunjenjemera. Ndiye ndikanawasiya achite manyazi pamaso pako, chipatala chonse chikumvetsera pakhonde? Akanakhala amayi ako ukanawasiya?”

Ndinati akanakhala amayi anga ndikanafuna aziona zimene akudina. Iye anati n'chifukwa chake anandilemba ntchito yoonerera. Tsiku limenelo aliyense anadya chipisi chake payekha.

Ku ofesi ndinawafotokozera abwana zonse, n'kuwaonetsa pamene chala chinadina sikirini yopanda kanthu. Anaonera kangapo, anaseka pang'ono mwachisoni, n'kunena kuti amayi awo akanachitanso zomwezo. Anati kudina kumodzi pa tsamba lochedwa si umboni woti zilembo ndi zazing'ono, aliyense amadina kawiri netiweki ikamavuta. Zimene ndinaona pakhomo paja ndi zimene mnzanga anandiuza zinali zoona, koma sizinali m'zida zathu, ndipo asisitawo sanavomere kuti zilembedwe. Njira inali imodzi: tilembe makhadi atsopano, ndipo asisita akavomera, tibwereze.

Makhadi tinalemba. Ndinabwerera nawo ali m'envelopu yomata, osaonetsa munthu. Asisita anandilandira bwino kuposa kale, anandifunsa za kunyumba, anandiuza kuti ndaonda. Nditatchula zobwereza, anaseka.

“Wokhoza amabwereza kalasi?”

“Asisita, ndikudziwa kuti tsamba lija simuliona.”

Panja odwala ankatsokomola pamabenchi.

“Ana aja anataya malanchi awo chifukwa cha ine,” anatero motsitsa. “Ndiye lero ndikauze rekoda yako kuti anagwira ntchito yachabe? Kuti tinabera? Pita bwino, mwana wanga. Uwapatse moni amayi ako.”

Munthu akakana, malamulo a kafukufuku salola kumukakamiza, ndipo ine ndikuona kuti malamulowo ndi abwino. Ndinabweza envelopu ija ku ofesi ili chimatire. M'zipatala zina zimene anzanga anapita, nakonso anapatsidwa achinyamata okhaokha. Lipoti litatuluka, linatchula zinthu zingapo zoti zikonzedwe: batani lobwerera m'mbuyo linali lobisika, kamakina ka sitika kankachedwa, ndi tina totere. Za zilembo munali chiganizo chimodzi chakumapeto, chonena kuti wofufuza wina anaganiza kuti mwina zingavute ogwira ntchito achikulire, koma zoyesa sizinaonetse zimenezo. Wofufuza winayo ndinali ine. Batani lija analikonza, kamakina anakasintha, ndipo makaundula anachotsedwa pa nthawi yake.

Ndinabwererako mvula itatha, chimanga chitauma m'minda. Anatituma kukauza zipatala zimene kafukufuku anapeza, monga mwa mwambo wake. A inchaji anandipatsanso mpando wa khushoni. M'chipinda cha shuga ndinapezamo mnzanga uja, atakhala pa mpando wa asisita, akudina mofulumira osakweza mutu. Odwala pakhonde anali phee. Titapatsana moni anandiuza yekha ndisanafunse. Asisita anayesa kwa masabata angapo. Tsiku lina anadina mzere wa pansi m'malo mwa wa pamwamba, wa kufamase n'kuzindikira mankhwala asanaperekedwe. Palibe anawakalipira, a inchaji anati nkhaniyo ithere pomwepo. Koma m'mawa mwake asisita anapita okha kukapempha kuti awatumize kusikelo. Mnzangayo ananena zimenezi akuyang'ana sikirini.

Sikelo ya ana inali pashedi ya malata kuseri kwa chipatala. Azimayi anali atakhala pamzere, ana akulira mopikisana, fumbi likuuluka kuchokera kumsewu. Asisita anali atavala juzi pamwamba pa yunifolomu, akukoleka mwana pa sikelo yolendewera. Atandiona anamwetulira n'kuuza azimayi aja kuti uyu ndi mwana wawo wa mayeso.

“Ndiye maresaltsi atuluka?”

“Atuluka, asisita.”

“Munalembamo kuti ndinakhoza?”

Ndinawauza zoona, kuti lipoti likuti ngakhale wogwira ntchito wamkulu pa onse anamaliza makhadi onse popanda vuto. Anagwedeza mutu mokhutira n'kuyang'ana azimayi aja kuti amve. Anatsitsa mwana, analemba m'kabuku, n'kumubwezera kwa mayi wake. Kenako anandikokera pambali pang'ono, pafupi ndi mzati, n'kutsitsa mawu.

“Nanga zilembo zija adzazikulitsa liti? Odwala anga aja akumabwera kuno kudzandifunsa kuti ndibwerera liti. Ndimawauza kuti tikudikira a makina.”

Ndinamva chisoni, ndipo ndinafuna kunama, koma sindinapeze bodza loti n'kuwathandiza. Ndinati sadzazikulitsa, chifukwa lipoti likuti palibe amene zinamuvuta.

Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa juzi, n'kuwavalanso.

“Palibe,” anatero. “Chabwino.”

Anabwerera pasikelo n'kuitana mayi wotsatira kuti amuvule mwana nsapato.